Amama, Musasakanize Mpunga wa Chaka Chino

Amama okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Adada ndi onse kwathu ku Hara. Ine kuno ku Hermanus ndili bwino. Achimwene anandiuza pa foni kuti mtima wanu sunakhale pansi chimvereni kuti ku lesitilanti kumene ndimagwira ntchito anandichotsa kukhitchini n'kundiika potsanulira alendo vinyo. Akuti munafunsa ngati mwana amene munamulera m'kwaya ya mpingo tsopano wasanduka wogulitsa mowa. Funso lotere siliyankhika pa foni mayunitsi akuthamanga, n'chifukwa chake ndalemba. Ndipo ndalemba poyera, pakuti m'kalatayi muli pempho limene ndikufuna amayi anzanu a ku Wovwe, ku Lufilya ndi ku Kaporo alimvenso.

Mantha anu ndi oona, sindingawatsutse. Kuno ku Western Cape, kwa mibadwo yambiri, eni minda ya mpesa ankapereka vinyo wotsika mtengo ngati mbali ya malipiro a antchito awo. Lamulo linaletsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1960, koma m'mafamu ena unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikadalipo. M'midzi ya antchito a m'mafamu muli ana ambiri amene anabadwa ubongo utavulala chifukwa mayi awo ankamwa ali oyembekezera. Inunso munaona ndi maso anu zimene masacheti a mowa anachita kwa anyamata a kwathuko boma lisanawaletse. Choncho sindikukupemphani kuti muyambe kuuona mowa ngati chinthu chabwino. Ndikufuna ndikufotokozereni za usiku umodzi pa ntchito yangayi, chifukwa zimene ndinaona usikuwo zikukhudza mpunga umene uli m'ndime mwanu.

Linali gulu la anthu odziwana: ena alimi a mpesa a m'chigwa cha Hemel-en-Aarde chomwe chili kuseri kwa tauni ino, ena ogulitsa vinyo, ena ongokonda. Anapempha tebulo limodzi lalitali ndi chakudya chamadzulo, ndipo anabwera ndi mabotolo awo. Onsewo anali a mtundu umodzi wa mphesa wotchedwa pinot noir, koma ochokera m'madera osiyana: ku Burgundy m'dziko la France, ku Oregon m'dziko la America, ku Central Otago m'dziko la New Zealand, ndi a m'chigwa chomwechino. Ntchito yanga inali kukulunga botolo lililonse m'pepala kuti dzina lisaoneke, kulilemba nambala, ndi kutsanulira aliyense pang'ono pokha m'matambula ondandalikidwa patsogolo pake. Patebulo panali madzi, buledi wosapaka kanthu wotsukira m'kamwa, ndi timitsuko tolavuliramo. Inde, Amama, tolavuliramo. Munthu wofuna kusiyanitsa vinyo sameza, chifukwa akameza lilime limatopa msanga, ndipo pofika tambula yachitatu zonse zimangomveka chimodzimodzi. Ife otumikira amatiphunzitsanso motero: kununkhiza, kulawa, kulavula.

Mphesa ya pinot noir ndi yovuta kulima. Khungu lake ndi lopyapyala, n'chifukwa chake vinyo wake safiira kwambiri. Ukakweza tambula umatha kuona zala zako kuseri kwake. Zipatso zake zimathithikana pa tsango, ndiye mvula ikagwa nthawi yolakwika zimaola. Dzuwa likanyanya zimapsa mothamanga, shuga n'kuchuluka, fungo n'kuthawa. Imafuna malo ozizira kumene ingapse mosafulumira. Kwathu kunyanja, ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja, siingapereke kanthu. Kuno imatheka chifukwa cha mphepo yozizira yochokera m'nyanja yamchere imene imakwera chigwachi nthawi yotentha. Tim Hamilton Russell anagula malo m'chigwa chino mu 1975 atafunafuna dera lozizira, ndipo ena anabwera pambuyo pake. Kufooka kwa mphesayi n'komwe kumaipatsa ulemu. Popeza ilibe mphamvu yobisa kanthu, chilichonse chimene nthaka ndi nyengo zaichita chimamveka m'tambula.

Tambula yoyamba inali yotumbuluka kuposa zonse, ndipo poyamba fungo lake linali lochepa. Itakhala kanthawi inayamba kutulutsa fungo la bowa ndi la masamba onyowa a m'nkhalango. M'kamwa inali yowawasa bwino, yosalemera, koma kukoma kwake kunkachedwa kuchoka. Ameneyo anali vinyo wa ku Volnay, mudzi wa ku Burgundy, kumene mpesa umamera pa dongo losakanikirana ndi miyala ya laimu. Wa ku Central Otago anali wina ndithu: wofiira moderako, wonunkhira mabulosi akupsa, wamphamvu, wotenthetsa pakhosi. Kumeneko ndi kumapiri, kutali ndi nyanja, mvula ndi yochepa, masana dzuwa limawala kwambiri koma usiku kumazizira. Wa ku Oregon, wochokera m'mapiri a Dundee Hills a nthaka yofiira imene inatsalira ku ziphalaphala zakale, anali wofewa, wapakati pa awiriwo. A kuno analipo awiri, wina wa kumunsi kwa chigwa kumene kuli dongo, wina wa kumtunda kumene nthaka inachokera ku mwala wa granite. Minda yake yatalikirana mtunda woti munthu n'kupalasa njinga, koma wa pa dongo anali wolimba, woumitsa m'kamwa pang'ono, pomwe wa kumtunda anali wopepuka, wonunkhira maluwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anthuwo anachitira. Aliyense analemba zake papepala asanamve za mnzake, kuti wa mawu akulu asakokere ena kumbali yake. Atatha m'pamene anayamba kukambirana, ndipo sanagwirizane pa zonse. Bambo wina wodziwa zambiri anaumirira kuti wa pa dongo uja ndi wa ku France. Pepala litachotsedwa anaseka, n'kuimirira kukagwira chanza mlimi wake amene anakhala moyang'anizana naye. Chakudya chitabwera, bakha wowotcha ndi bowa, maganizo anasinthanso. Wa ku Volnay, amene ena anamuyesa wofooka, ndiye anayenderana ndi nyamayo, pomwe wa ku Otago anaiphimba. Pomaliza panalibe wopambana, ndipo palibe amene anadandaula nazo. Chimene anadzera chinali kumva mmene mbewu imodzi imasinthira ikamera m'malo osiyana, ndipo anachimva.

Ndikutola matambula ndinkaganiza za inu. Munthu akabwera ndi mpunga pakhomo pathu, mumatapa dzanja limodzi, kuufikisa m'manja, kuuuzira mpweya, kununkhiza, kutafuna njere imodzi, ndiye mumanena. Uwu ndi Kilombero, koma wa chaka chatha. Uwu asakaniza ndi Faya. Uwu anaumweta usanakhwime. Uwu ndi wa kumpoto, wa cha ku Kaporo. Alendo aja luso lawo analiphunzira m'masukulu ndi m'maulendo odya ndalama zambiri. Inu munaliphunzira pa lichero, kwa agogo. Zonse ziwiri ndaziona ndi maso anga, ndipo ndikunena motsimikiza kuti ndi luso limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iwo zimene mphuno yapeza zimalembedwa pa botolo n'kubweretsa ndalama kwa mlimi, pomwe kwa ife zimathera pakhonde.

Zawozo sizinagwe kumwamba. Ku Burgundy, amonke a chipani cha Cistercian, amene nyumba yawo yoyamba inakhazikitsidwa ku Cîteaux mu 1098, analima mpesa kwa zaka mazanamazana, n'kumaona kuti ndime iyi ikupereka vinyo wosiyana ndi wa ndime yoyandikana nayo. Anazinga munda wa Clos de Vougeot ndi mpanda wa miyala umene ulipo mpaka lero; mundawo ndi wa mahekitala pafupifupi 50, ndipo tsopano eni ake ndi pafupifupi 80. Mu 1395 wolamulira dera lija, Philippe le Hardi, analamula kuti mphesa ya gamay, yobereka zambiri, izulidwe kuti isaipitse mbiri ya pinot noir. M'zaka za m'ma 1930 dziko la France linakhazikitsa malamulo oti dzina la mudzi lilembedwe pa botolo pokhapokha mphesazo zitachokeradi m'mudzimo. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika ndime za ku Burgundy zokwana 1,247, iliyonse ndi dzina lake, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kuno ku South Africa lamulo lofanana nalo linayamba mu 1973, ndipo kachigwa kakang'ono kano kagawidwa zigawo zitatu, chilichonse ndi dzina lake lovomerezeka pa botolo.

Mwina munena kuti izo ndi za azungu a mbiri yakale, ife tingafanane nawo bwanji. Ndiye tamverani za ku Oregon, kumene kunalibe mbiri iliyonse. Mnyamata wina, David Lett, anadzala pinot noir m'chigwa cha Willamette mu 1965, akatswiri a ku California atamuuza kuti kumeneko kumazizira ndi kunyowa mopitirira. Mu 1979 vinyo wake wa m'chaka cha 1975 analawidwa ku Paris pakati pa ena ambiri, mayina atabisidwa, ndipo anapezeka m'gulu la khumi oyambirira. Robert Drouhin, wogulitsa vinyo wotchuka wa ku Burgundy, anakonza kuti alawenso ku Beaune mu 1980. Wa ku Oregon uja anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa vinyo wa banja la Drouhin lomwelo wa m'chaka cha 1959. Mu 1987 banja limenelo linakagula malo ku Dundee Hills. Dera losadziwika linapeza dzina chifukwa anthu anakhala pamodzi n'kulawa moona mtima, osadziwa kuti m'tambula muli za yani.

Tsopano tibwere kwathu. Mpunga wa Kilombero dzina lake ndi la chigwa cha ku Tanzania, m'chigawo cha Morogoro, ndiye dzina lokhalo silinena kanthu za Karonga. Umalimidwanso ku Nkhotakota, ku Salima, ku Bwanje ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa. Koma pitani pa msika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pafupifupi aliyense wogulitsa akukuwa kuti wake ndi Kilombero wa ku Karonga, chifukwa akudziwa kuti dzina la boma lathu ndilo limatsegula chikwama cha wogula. Zimene zili m'thumbamo inu mukuzidziwa kuposa ine. Mavenda amagula mpunga wosapuntha kwa alimi osiyanasiyana, wa ku Hara, wa ku Wovwe, wa ku Lufilya, wa m'madambo a mvula a ku Kaporo, n'kuukhuthulira pamodzi. Ena amathiramo mitundu yotsika mtengo, n'kuika wonunkhira pamwamba pokha. Mayi wa ku Ndirande akauphika n'kupeza kuti fungo mulibe, satukwana venda. Amati mpunga wa ku Karonga unatha ntchito masiku ano.

Zimenezi zimandipweteka chifukwa ndikudziwa zimene mlimi amataya posankha Kilombero. Ndi mpunga wautali, wochedwa kucha, wogwa msanga feteleza akachuluka, ndipo pa ndime imodzi matumba ake ndi ochepa poyerekeza ndi mitundu yatsopano imene alangizi amabweretsa. Munthu amaulima akudziwa kuti matumba achepa, chiyembekezo chake chili pa mtengo. Ndiye ukasakanizidwa mtengowo umatsika, ndipo mlimi wosamala amalandira zofanana ndi wosasamala. Zikapitirira motere, ana a masiku ano adzaona kuti kulima Kilombero n'kudzivutitsa chabe, adzamusiya, ndipo sindidzawaimba mlandu.

Ndinawerengako za fungo la mpunga, ndipo zimene ndinapeza zikuchitira umboni mphuno yanu. Akatswiri anapeza kuti fungolo limachokera ku kanthu kamene anakatcha 2-acetyl-1-pyrroline, kamene kalinso mu basmati wa ku India ndi Pakistan ndi mu jasmine wa ku Thailand. Kanthuka kamauluka, mpunga ukakhalitsa, makamaka pamalo otentha, kamachepa. Ndiye mukamati uwu ndi wa chaka chatha, mukumva zenizeni. Kuchuluka kwake kumasinthanso malinga ndi nthaka, madzi, ndi kutentha kwa nyengo pamene njere zikudzaza. Ndime ya mthirira ya m'sikimu, imene madzi ake amabwera ndi ngalande kuchokera ku mapiri, siingapereke chimodzimodzi ndi dambo limene limadikira mvula ndi matope a mtsinje ukasefukira. Agogo ankanena zimenezi asanamvepo dzina la kanthu kaja.

Njira yoteteza dzina la malo ilipo, ndipo anzathu oyandikana nawo ayamba kale kuyendamo. Tiyi wa rooibos wa kuno analembedwa m'kaundula wa maiko a ku Ulaya mu 2021, moti kumeneko palibe angagulitse masamba ena ndi dzinalo ngati sanachokere m'dera lake. Ku Mozambique, nyama ya mbuzi ya ku Tete inalembetsedwa ndi dzina lakuti Cabrito de Tete. Ngakhale mpunga wathu womwe unawolokapo nyanja ndi dzina lake: alimi a bungwe la KASFA la ku Kaporo, lomwe lili pansi pa NASFAM, ankagulitsa Kilombero ku Scotland kudzera ku bungwe la ku Paisley lomwe linkatchedwa Just Trading Scotland. Masukulu ndi mipingo ya kumeneko inkadzipereka kugulitsa makilogalamu 90, atawerengera kuti amenewo anali okwana kuti mlimi alipirire mwana fizi ya ku sekondale chaka chimodzi. Ana a sukulu ku Scotland anaphunzira kutchula Karonga chifukwa cha paketi ya mpunga. Koma lamulo lililonse loteteza dzina limayamba ndi alimi amene angathe kunena kuti wathu ndi wotere, ndipo amasiyana ndi wa uko motere. Zimenezo boma silingatilembere tisanazidziwe tokha.

Chenjezo limodzi ndinalimva kwa mlimi wa mpesa usiku uja, ndipo ndalisunga. Iye anati si kusiyana kulikonse kumene kumachokera ku nthaka. Kwina n'kwa dzanja la munthu: tsiku limene anathyola mphesa, mtundu wa migolo imene anasungiramo vinyo, ukhondo wa m'nyumba yofululira. Kwa mpunga n'chimodzimodzi. Wina amawokera mbande zokalamba, wina amachedwa kumweta mpaka njere zimasweka, wina amayanika pa phula la msewu dzuwa lili pamutu, wina mbewu yake inasakanikirana kalekale iye osadziwa. Ndiye ngati tikufuna kudziwa chimene Hara imapereka ndi chimene Kaporo imapereka, tiyenera kulawa mwachilungamo, kuti tisayamikire nthaka pa zimene wachita munthu, kapena kuinyoza pa zimene walakwitsa mwini ndime.

Pempho langa ndi ili, Amama. Mukakolola chaka chino, musasakanize. Wa m'ndime ya m'sikimu ukhale m'matumba akeake, wa kudambo lija la kumunsi ukhalenso akeake, ndipo pa thumba lililonse achimwene alembe malo ndi tsiku lomweta. Ndikudziwa kuti ndi ntchito yowonjezera pa nthawi imene msana watopa kale, ndiponso venda akafika safunsa za ndime. Sungani ngakhale ndowa imodzi ya malo alionse, wotsalawo mugulitse monga mwa masiku onse. Mutumizenso uthenga kwa azakhali ku Kaporo, ndi kwa anzanu a chigwirizano cha amayi a ku Wovwe ndi ku Lufilya, kuti aliyense asunge ndowa ya Kilombero wosapuntha wa chaka chino, wa mbewu imene akuikhulupirira.

Ndikabwera pa tchuthi tidzachita chonchi. Mpunga wonse tidzaupunthitsa pa chigayo chimodzi, sabata imodzi. Tidzauphika m'mapoto ofanana, muyeso wa madzi umodzi, wopanda mchere ndi mafuta, ndipo wophika adzakhala mmodzi amene sadzalawa nawo. Mbale zidzabwera ndi manambala okha. Aliyense adzayamba wanunkhiza nthunzi, kenako kuyang'ana ngati njere zatalika, zamatana kapena zamwazika, kenako kulawa, n'kumwa madzi asanapite ku mbale ina. Odziwa kulemba adzalemba, osadziwa adzanong'oneza mwana wa sukulu kuti awalembere, ndipo palibe adzanene zake mokweza mpaka onse atamaliza. Tikatero tidzabwerezanso ndi ndiwo, usipa wa msuzi ndi chambiko, chifukwa mpunga umene ukoma wokha si nthawi zonse umene umayenderana ndi ndiwo. Tidzatsalanso ndi pang'ono mpaka madzulo kuti tione umene ukhalabe wofewa utazizira, poti ana a sukulu ndi olima kutali amadya wozizira. Ndikufuna padzakhale mlangizi wa zaulimi ndi wina wa mu komiti ya sikimu, ndipo ngati n'kotheka tidzaitane wa ku malo a kafukufuku a Baka, kuti zimene tipeze zilowe m'kope, ndipo chaka chamawa tidzayerekeze.

N'kutheka kuti mbale zina sitidzatha kuzisiyanitsa. N'kuthekanso kuti wa ku Kaporo adzaposa wathu, ndipo azakhali adzatiseka mpaka Khirisimasi. Zimenezo tidzazilandira, chifukwa kulawa kobisa mayina n'kopanda phindu ngati tasankhiratu wopambana. Wotsogolera patsikulo ndikufuna mudzakhale inu, ine ndidzangonyamula mbale, monga ndimachitira kuno.

Ndalama ya matumba atsopano ndi ya kuchigayo nditumiza kudzera kwa achimwene mwezi uno ukatha. Muwauze Adada kuti asabwereke matumba akale a feteleza, chifukwa mpunga umatenga fungo la thumba. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa azakhali, ndi kwa amayi onse a kwaya.

Ndine mwana wanu wamkazi,
ku Hermanus.